Khadi Limodzi

Zaka zambiri zapitapo chichokere ku Johannesburg, koma ndikamva mawu akuti "kudangotsala pang'ono" mtima wanga umabwerera m'chipinda china chopanda mazenera ndiponso chopanda wotchi. M'menemo ndidagwira ntchito yoperekera zakumwa kwa anthu otchova njuga.

Dziko la South Africa lidakhazikitsa lamulo lololeza nyumba za njuga m'chaka cha 1996. Kale ofuna masewerawa ankapita ku Sun City, m'dera lomwe linkatchedwa Bophuthatswana. Koma chimene chidakoleza moto chidachitika ku Las Vegas m'chaka cha 2003, pamene Chris Moneymaker, munthu wamba wowerengera ndalama, adapambana madola 2.5 miliyoni pa mpikisano wa poker. Kuyambira pamenepo aliyense adayamba kudziyesa Moneymaker.

Pa masewerawa munthu amalandira makhadi awiri obisa, ndipo ena asanu amavundukulidwa pathebulo. Ndalama zenizeni sizioneka. Amazisintha ndi timbale tozungulira tamitundumitundu. Ndimakhulupirira kuti adachitira dala, pakuti munthu amene sangataye R1,000 pamsewu amakankha kambale kamodzi osaphethira n'komwe.

Pakati pa azungu ndi amwenye amene ankadzaza chipindacho padali bambo wina wa kwathu ku Ntcheu, mwini malole atatu. Nditamva Chichewa chake ndidamuyesa malume, iyenso ankanditcha mphwake. Loweruka lina usiku ndidaima kumbuyo kwake ndi thireyi m'manja. Adali ndi makhadi awiri a mitima, ndipo mwa anayi amene adali pathebulo, awiri adalinso a mitima. Padangofunika wachisanu. Adakankhira timbale take tonse pakati. Chipinda chidati zii. Wogawa makhadi adavundukula lotsiriza, ndipo tonse tidaona kufiira. Malume adadzuka, manja m'mwamba. Kuyang'anitsitsa, lidali lofiira ndithu, koma la daimondi.

Chidandidabwitsa n'chakuti sadalire. Maso ake adawala ngati a munthu wopambana.

"Waona mphwanga? Khadi limodzi lokha! Mwayi wayamba kundinunkhiza."

Masamu ake si ovuta. Makhadi onse alipo 52, ndipo a mitima ndi 13. Iye adali ataona asanu ndi limodzi, kutsala 46, ndipo mwa amenewa omupulumutsa adali 9 okha. Ena 37 adali omugwetsa. Sadaphonye pang'ono ayi. Chidachitika ndi chimene chimachitika pafupifupi kanayi pa kasanu kalikonse. Khadi la daimondi silili pafupi ndi la mtima kuposa khadi lakuda. M'chaka cha 2009 Luke Clark ndi anzake a pa yunivesite ya Cambridge adaonetsa kuti kuphonya kotereku kumatakasa mbali za ubongo zomwe zimatakasika munthu akapambana, n'kumuwonjezera chilakolako chosewera. Ine ndidali nditazionera kale pankhope ya malume.

Lole yoyamba idagulitsidwa mvula isadagwe. Yachiwiri idatsatira. Tsiku lina adandidikirira kuchipata cha antchito.

"Mphwanga, tandibwerekako kangachepe. Lolemba ndikubwezera kawiri."

Ndidali nditasunga R4,000 zogulira malata a nyumba ya amayi. Apa ndisanamize wina: sindidapereke chifukwa cha chifundo chokha. Khadi lofiira lija lidali litandilowa inenso, ndipo m'mtima ndinkawerenga kale malata a nyumba ziwiri.

Lolemba lidadutsa, miyezi idadutsa. Ndidakumana nawo komaliza pa Park Station akukwera basi yobwerera kumudzi, atanyamula kachikwama kamodzi. Ndidasowa poyambira kufunsa za ngongole. Adandigwira dzanja nthawi yaitali, nandinong'oneza kuti likadakhala la mtima, bwenzi atandigulira malata ndi simenti yomwe.

Chaka chimenecho amayi adafoleranso nyumba ndi udzu, ndipo m'kalata ndidawauza kuti ntchito idavuta.