Mvumbi wa Malichi, ngongole ya Okutobala

Kwathu ku Tsangano, ng'ombe imodzi yamkaka ndiyo imatilipirira fizi. Mu Malichi 2023 tinatchetcha udzu kuti tiumitse, idzadye m'chilimwe. Udzu wotere umafuna dzuwa la masiku angapo, koma ife tinalandira mvumbi wa namondwe Freddy. Udzuwo unada, n'kuchita chuku, tinangoutaya. Nyemba nazo zinamerera m'makoko.

Ululu wake tinadzaumva mu Okutobala. Msipu utauma, mkaka unachepa, madeya ali pamtengo wokwera. Amayi anakakongola ku banki m'khonde kuti tibwerere kusukulu.

Tinakula tikuopa chilala chokha. Tsopano tinamanga thandala lofolera pamwamba loumitsirapo udzu, ndipo tisanagwire chikwakwa timayamba tayang'ana mitambo. Mvula ndi dalitso, koma ikanyanya imasiyanso ngongole pakhomo.