Yemwe anandiswera mphepo

Envelopu ija ndikadali nayo. Ndalama zinatha kalekale, zinapita ku chakudya ndi data, koma envelopuyo ili m'kati mwa kope langa la chaka chachitatu. Palembedwa ndi cholembera chofiira kuti "Nambala 1". Ndi mphoto yokhayo yamasewero yomwe ndalandirapo chibadwire, ndipo ndikaiona sindidziwa ngati ndinyadire kapena ndichite manyazi.

Njinga yanga ndinaigula ku Limbe kumayambiriro kwa 2024. Inali yakaunjika, yamateyala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi. Ndinasunga ndalama za maganyu a tchuthi ziwiri. Kwacha inali itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho chubu, tcheni ndi mphira za mabuleki zonse zinali zitakwera mtengo. Mayi anga ataiona anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga kaliyala ili kuti?" Kwa iwo njinga yosanyamula thumba la chimanga ndi chidole. Sindinawatsutse.

Panali kagulu ka anthu okonda kutchova komwe kankakumana pa Bvumbwe Lamlungu m'mamawa. Ena ankachokera ku Blantyre pagalimoto njinga zili padenga, ena tinkabwera chopalasa. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala tinagwirizana kuti Lamlungu lomaliza la mwezi uliwonse kukhale mpikisano. Aliyense ankasonkha kangachepe, ndipo woyamba kufika ankatenga envelopu. Njira inali msewu wa M2: kuchoka pa Bvumbwe, kudutsa mphambano yolowera ku Satemwa, kufika paboma la Thyolo, kutsetsereka mpaka ku Luchenza, kenako n'kubwerera. Amene anayendapo msewuwu pa minibasi amakumbukira kubiriwira kwa tiyi mbali zonse, wometedwa bwino ngati kapinga wa pabwalo la mpira. Ukakhala panjinga umakumbukira zina. Popita msewu umatsika, pobwerera umakwera, ndipo chitunda chilichonse chomwe unasangalala nacho potsika chimakudikira kuti ulipire ngongole.

Mpikisano wa Meyi unandichititsa manyazi. Ndinanyamuka ngati ndaba nkhuku. Ndinatsogola mpaka paboma, ndikumadziuza kuti anthuwa ndi ofooka. Titatembenuka ku Luchenza miyendo inangoti zii, ngati si yanga. Gulu lonse linandidutsa mwakachetechete, anthu ali pamzere umodzi, teyala kufupi ndi teyala. Ndinafika wachiwiri kuchokera kumapeto, nditagula nthochi ndi madzi panjira ngati wapaulendo.

Tsiku limenelo mkulu wina wa m'gululo anandifotokozera chinthu chomwe ndinkayenera kuchidziwa kale kuchokera m'kalasi. Njinga ikamathamanga makilomita 35 kapena 40 pa ola pamalo athyathyathya, mphamvu zambiri za wopalasa zimathera kukankha mpweya. Amene ali kutsogolo ndiye amaswa mphepo. Wobisala kumbuyo kwake, teyala litatsala pang'ono kukhudza la mnzake, amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. N'chifukwa chake opalasa amasinthana: utsogole pang'ono, upatuke, mnzako alowe, iwe ukapume kumbuyo. Wotsogola akatopa amagwedeza chigongono, kutanthauza kuti "bwera, ndi nthawi yako". Lamuloli sililembedwa paliponse. Palibe angakuchotse mumpikisano chifukwa chokana kutsogola. Koma aliyense amalidziwa.

M'gululo munali munthu mmodzi yemwe sankasinthana ndi wina aliyense, chifukwa nthawi zonse ankakhala kutsogolo. Dzina lawo sinditchula. Tonse tinkangoti Achimwene. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka ngati khumi. Mkati mwa sabata ankatchova kabaza ku Luchenza. Nyengo yamvula, tiyi akachuluka m'minda kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, ankalembedwa ganyu yothyola masamba paesiteti ina: dengu kumsana, masamba awiri ndi kansonga, madzulo kukapimitsa pasikelo. Masamba akachepa ganyu inkatha, iwo n'kubwerera pasiteji. Njinga yampikisano anali kubwereka kwa munthu wina, yachitsulo, yakale, magiya ena osalowa. Lamlungu lililonse la mpikisano ankataya ndalama za makasitomala opita kutchalitchi.

Munthu amene wakhala zaka akukweza mayi, mwana ndi thumba la ufa pachitunda, ukamupatsa njinga yopepuka amakhala ngati wamasulidwa chingwe. Achimwene ankakwera zitunda atakhala pachishalo, mapewa osagwedezeka, ife kumbuyo tili wefuwefu. Koma sankapambana. Ankakoka gulu ulendo wonse, ndipo pamamita omaliza wina wopuma bwino ankatulukira kumbuyo n'kuwadutsa. Mu Meyi anali wachitatu. Mu Juni wachiwiri. Ife tinkaseka kuti Achimwene ali ndi miyendo koma masamu alibe.

Mpikisano wa Julayi unachitika m'chiperoni. Nkhungu inaphimba minda ya tiyi, kamvula kowaza kosalekeza, phula loterera ngati therere. Pakona ina potsikira ku Luchenza ndinagwira buleki yakutsogolo mwamphamvu ndipo ndinapezeka ndili m'ngalande, bondo likutuluka magazi. Amayi awiri omwe ankapita kutchalitchi anandidzutsa, mmodzi akunena kuti, "Mwanawe, ukuthamangira chiyani chonchi, kuli maliro?" Ndinalibe yankho. Titamaliza, Achimwene ndi amene anawongola teyala langa lopindika, akumangitsa masipoko ndi kasipanala kawo, osalipiritsa.

Mwezi womwewo tinkaonera Tour de France pafoni, anthu asanu kuunjikana pa sikirini imodzi. Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana pa 1 Julayi ku Turin, munthu wakuda wa mu Africa woyamba kupambana chigawo cha mpikisanowu. Anapambananso zigawo zina ziwiri n'kutenga malaya obiriwira. Tinakuwa ngati ndi mbale wathu. Ine ndinaonapo phunziro lina: othamanga mamita omaliza ngati Girmay tsiku lonse amakhala obisala m'gulu, amangoonekera pamapeto. Ndinadziuza kuti umenewu ndiye ukatswiri. Mu Ogasiti ndi Seputembala ndinayesa njirayi. Ndinasiya kutsogola, ndinaphunzira kudya ndi kumwa ndisanamve njala, ndipo ndinafika wachisanu, kenako wachitatu.

Tsopano Okutobala. Dzuwa linali loswa mtengo ngakhale nthawi inali isanakwane 9 koloko. Titangotembenuka ku Luchenza, Achimwene anaponda mwamphamvu pachitunda choyamba. Ndinadziponya kumbuyo kwawo. Nditacheuka patapita kanthawi, gulu linali litatsalira kutali. Tinatsala awiri.

Kuchokera pamenepo mpaka pa Bvumbwe sindinatsogole ngakhale mita imodzi. Tikuyandikira paboma anagwedeza chigongono. Ndinakhala ngati sindinaone. Titadutsa minda ya tiyi ija anagwedezanso, n'kucheuka.

"Asukulu, tabwerani kuno pang'ono."

"Achimwene, ndatheratu ine. Ndingogwa."

Linali bodza. Kutopa ndinatopa, koma osati motero. Ndinapumira m'mwamba mokokomeza kuti amve. Iwo sanayankhe. Anaweramira pamahandulo n'kupitiriza kukoka, thukuta lawo likundiwazikira kumaso. Patatsala mamita ngati 200 ndinasintha giya, ndinaimirira, n'kuwadutsa. Anayesa kutsatira koma tcheni chawo chinalumpha. Ndinawoloka mzere wa choko uja manja ali m'mwamba ngati ndili ku Turin.

Anthu anandiwombera m'manja. Ndinalandira envelopu ndi teyala latsopano lomwe wina anapereka ngati mphoto yotsekera chaka. Achimwene anabwera, anandigwira chanza, nati, "Mwaiwerenga bwino, asukulu." Kenako anakwera njinga kubwerera ku Luchenza, ulendo womwewo kachitatu tsiku limenelo, kuti mwina akapezeko makasitomala amadzulo.

Mnzanga wina wa kuhositelo, yemwe amatsatira masewerowa kuposa ine, akuti ndikudzizunza pachabe. Mfundo yake ndi yomveka ndipo sindikufuna kuipeputsa. Akuti mpikisano wa njinga si wa miyendo yokha, ndi bawo. Kunamizira kutopa ndi njomba yakale yomwe akatswiri amachita poyera, ndipo wotsogola yemwe akuona kuti mnzake sakuthandiza ali ndi ufulu wochepetsa liwiro mpaka winayo achite manyazi kapena gulu liwapeze. Ngati Achimwene anasankha kukoka, ndi nkhani yawo. Palibe lamulo lomwe ndinaphwanya.

Zoona, palibe. Koma pali zinthu ziwiri zomwe mnzangayu sakuziwerengera.

Choyamba ndi chakuti akatswiri aja obisala m'gulu amabisala kumbuyo kwa anthu olipidwa pantchito imeneyo. Mu Tour de France timu iliyonse imakhala ndi opalasa 8, ndipo ambiri mwa iwo ntchito yawo ndi kuswera mphepo mtsogoleri wawo ndi kumutengera madzi. Amalandira malipiro, ndipo mwambo wake ndi wakuti ndalama za mphoto zimaikidwa pamodzi n'kugawana timu yonse, mpaka amakaniko. Wopambana akafunsidwa ndi atolankhani amayamba ndi kuthokoza anzake. Ine ndinatengera kubisalako, kugawanako ndinakusiya.

Chachiwiri ndinachidziwa patapita sabata ziwiri, nditapita ku Luchenza kukawapeza pasiteji. Ndinatenga teyala lija ndi theka la ndalama. Teyala analiyang'ana n'kuseka: la njinga yampikisano sililowa pamkombero wa njinga yakabaza, ndipo njinga yomwe likanalowa inali itabwerera kwa mwini wake. Ndalama anakana. Ndiye ndinawafunsa funso lomwe tonse tinkaliyankha tokha chaka chonse osawafunsa eni ake.

"Achimwene, n'chifukwa chiyani simubisala kumbuyo ngati anzanu? Mukanapambana kangapo."

"Njinga ija ilibe mabuleki abwino," anatero. "Mphira zinatha, yakumbuyo sigwira n'komwe. Ndikakhala kumbuyo kwa munthu iye n'kuima mwadzidzidzi, ndimugwetsa. Nanga njinga zanu zodulazo ndingalipire ndi chiyani? Kutsogolo kuli bwino, kulibe woti ndimugunde."

Ndinasowa chonena. Masamu ankawadziwa kuposa tonsefe. Anali atawerengera mtengo wa njinga zathu, ndalama za m'thumba mwawo, ndi khungu la anzawo. Nzeru zomwe ine ndinkadzitama nazo zinali mphira ziwiri za mabuleki zomwe ndinakwanitsa kugula ku Limbe.

Ndalemba izi pano chifukwa ambirife owerenga tsamba lino tili panjinga zamabuleki abwino. Kufika ku yunivesite m'dziko muno ndi kupambana mpikisano, ndipo timakonda kufotokoza kupambanako ngati nkhani ya khama lathu: kuwerenga ndi koloboyi, kuyenda wapansi kupita ku sekondale yoyendera. Khamalo ndi loona. Inenso miyendo inandipweteka pa Okutobala paja; palibe anandikankha. Koma pafupifupi aliyense wa ife ali ndi wina amene anamuswera mphepo: mlongo amene anasiyira Fomu 2 kuti fizi ikwanire mmodzi, mayi wogulitsa nthochi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu pa Bvumbwe, malume wotumiza ndalama kuchokera ku Joni. Ndipo kawirikawiri sanatsogole chifukwa chosadziwa masamu. Malo obisalapo anali amodzi, iwo n'kutisiyira.

Sindikunena kuti kubisala n'kulakwa. Palibe amamaliza mpikisano wautali osabisalako kumbuyo kwa wina; akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Cholakwa changa chinali pamene chigongono chinagwedezeka ine n'kuyang'ana kumbali. Ndipo cholakwa chachikulu chinali chisanafike tsikulo: miyezi isanu ndikuseka munthu kuti alibe nzeru, osafunsa n'komwe chifukwa chake amachita zomwe amachita.

Nkhaniyi ikukhudzanso masewerowa m'dziko lathu. Malawi anatumiza opalasa njinga ku Olimpiki ya ku Munich mu 1972, ulendo woyamba dziko lino kupita ku masewerowa, ndiponso ku Los Angeles mu 1984. Mu Seputembala 2025 mpikisano wa dziko lonse wa njinga zapamsewu unachitikira ku Kigali, koyamba mu Africa. Rwanda ndi dziko lamapiri, la tiyi ndi njinga zonyamula anthu, ngati Thyolo yemweyu. Tikamadandaula kuti ife tilibe Girmay wathu, tizikumbukira kuti pasiteji iliyonse kuyambira ku Luchenza mpaka ku Karonga pali anyamata omwe amapalasa tsiku lonse ndi katundu kumbuyo. Miyendo ilipo. Chosowa ndi njinga, zipangizo, ndi wina wobwezera ndalama za tsiku lomwe munthu wasiya ntchito kuti akapikisane. Izi n'zazikulu kuposa kagulu kathu, koma mbali yathu yaing'ono tingathe. Ndapempha anzanga kuti chaka chino gawo la zosonkha zathu lizipita ku mphira, machubu ndi matcheni a omwe akubwereka njinga, envelopu ichepe. Ena avomera, ena akuti tikhala bungwe lachifundo m'malo mwa mpikisano. Tikukambiranabe.

Tsiku lija ku Luchenza, ndisananyamuke, ndinayesanso kuwapatsa ndalama zija. Anandibweza dzanja.

"Mphoto ndi yanu, munafika ndinu. Koma chaka chamawa mudzatsogoleko, tidzaone ngati sukuluyo imaswa mphepo."

Kenako kunabwera mayi wina ndi dengu la tomato. Achimwene anamanga dengulo, mayiyo anakhala pakaliyala, ndipo ananyamuka kulowera kuchitunda, atakhala pachishalo, mapewa osagwedezeka.