Nkhwazi Imene Sitiijambula

Tikamayenda pamchenga wa ku Chembe, timapeza anyamata atayala nsalu zimene ajambulapo mbalame kuti alendo agule. Kawirikawiri mbalameyo ndi nkhwazi: mutu ndi chifuwa zoyera mbee, mimba yofiirira, mapiko akuda bii, ndi nsomba m'zikhadabo. Ndiyo yomwe tinaiika pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu mu 1964, itatambasula mapiko, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake. Abale athu a ku Zambia nawonso anaiika pa mbendera yawo chaka chomwecho. Mutu woyerawo umatikumbutsa imvi za akuluakulu, ndipo tikauona timaganiza za nzeru ndi ufulu.

Koma tsiku lina, tikupalasa bwato kulinga ku chilumba cha Thumbi, tinaona chimbalame chotuwa, chamawangamawanga, chitakhala panthambi ngati chanyowa ndi mvula. Tinafunsa mwini bwato dzina lake. Iye anaseka nati, "Bambo, imeneyo ndi nkhwazi yomwe ija, koma ikali mwana." Tinachita manyazi, pakuti mbalame imene timaiona pa zikalata za boma masiku onse tinalephera kuizindikira pa ubwana wake.

Mwana wa nkhwazi amatha zaka zinayi kapena zisanu asanavale nthenga za makolo ake. Pa zaka zimenezi amaphonya nsomba kambirimbiri, ndipo nthawi zina amakhalira zakufa zokha. Ojambula mabuku a mbalame amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake amajambula mwana pambali pa wamkulu, kuti wowerenga akakumana naye kunyanja asamuyese mbalame yachilendo. Koma pansalu za malonda mwanayo sitimuona, chifukwa palibe mlendo angapereke ndalama pa mbalame yotuwa.

Kodi m'mabanja mwathu sitichita chimodzimodzi? Tili ndi chithunzi mumtima cha mwana womvera, wokhoza mayeso, woyera mutu kale. Mnyamata amene wabwereza kalasi, kapena mtsikana amene wayamba kutiyankha mwamwano, timamuyang'ana ngati si wathu, ndipo ena timafika pomupirikitsa pakhomo nthenga zake zisanasinthe.

Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikadzapitanso ku Chembe tidzapempha mmodzi wa anyamata aja kuti atijambulire nkhwazi ziwiri panthambi imodzi, yaikulu ndi yotuwayo. Nsalu imeneyo tidzaipachika pamene timadyera.