Fodya wa ku Mtunthama ndi makina a m'malire

Mtunthama sali m'malire. Ukachoka pa boma la Kasungu umalowera kum'mawa, njira ya ku Nkhotakota, dziko la Zambia nkulisiya kumbuyo. Ambiri amadziwa malowa chifukwa cha Kamuzu Academy, sukulu imene Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsegula mu 1981 pafupi ndi mtengo wa kachere umene amati ankaphunzirapo ali mwana. Koma nditakhalako masiku anayi m'mwezi wa Epulo, nkhani imene inandidzaza m'makutu inali ya malire.

Dera lake ndi lathyathyathya, maso amafika kutali. Paliponse zigafa, fodya wa bale ali lende, fungo lake likukanda pakhosi. Pakhomo pamene ndinafikira, abambo anali pa jeke kudinda mabelo opita ku okushoni ya Chinkhoma. Madzulo kunabwera mnyamata panjinga yamoto, sikelo m'thumba, ndalama m'manja. Sanam'gulitse, koma atachoka anayang'ana njira nthawi yaitali.

"Achimwene," anandiuza, "ku okushoni umadikira, kenaka akudula ngongole ya feteleza, ya thiransipoti, misonkho. Uyu amalipira pompano. Mwana akadwala usiku, mungasankhe chiyani?"

Aliyense akudziwa kuti fodya wina wogulidwa motere amatulukira ku Zambia kapena ku Mozambique, ndipo madola ake dziko siliwaona. Bungwe la Tobacco Commission limadandaula za izi chaka ndi chaka.

Yankho limene timamva kawirikawiri ndi la makina. Mu Disembala 2022, atsogoleri Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula chipata cha Mchinji-Mwami, chimene chinamangidwa ndi thandizo la African Development Bank kuti dalaivala aziima kamodzi m'malo moima kawiri. A MRA amalemba katundu pakompyuta kudzera mu ASYCUDA. Kunja kuli makampani amene ntchito yawo ndi kupanga makina ounikira m'kati mwa kontena osaitsegula: Nuctech ya ku China, Smiths Detection ya ku Britain, Rapiscan ya ku America. Anthu a ndalama amaika chuma chawo m'makampani otere podziwa kuti boma lililonse loopa kuzembetsa katundu ndi kasitomala, ndipo likagula limabweranso kudzalipira zokonzetsa. Pamsika wathu wa masheya ku Blantyre mupeza mabanki, Illovo, Press Corporation, koma kampani ya mtundu umenewu palibe. Ife ndi ogula basi, ndipo timagula ndi madola omwewo a fodya.

Sindikunyoza makinawo. Belo lochokera pa Mtunthama limathera pa doko la Beira, Nacala kapena Durban, ndipo feteleza amabwera njira zomwezo. Lole ikagona masiku pachipata, mtengo wa kugonako umadzafika pa thumba limene mlimi agule. Chipata chofulumira ndi phindu lake ndithu.

Chondivuta ndi ichi: malire athu ndi Zambia ndi otalika makilomita oposa 800, ndipo m'madera ambiri ndi munda chabe, mbali iyi chimanga cha mkulu, mbali iyo cha mng'ono wake. Makina amaunika lole imene yabwera yokha pachipata. Njinga yodutsa m'tinjira ta kumadzulo kwa Kasungu pakati pa usiku saiona. Komanso tisaiwale za kumayambiriro kwa 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata makompyuta atasokonezedwa. Chinthu chimene sutha kukonza wekha chikafa, umangokhala manja m'khosi.

Kufupi ndi kuno, ku Wimbe, ndi kwawo kwa William Kamkwamba, amene anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola. Ndikanakonda kuti pangano lililonse logula makina a m'malire lizikakamiza wogulitsa kuphunzitsa ana ngati ameneyu kuwakonza.

Tsiku lobwerera ndinakwera lole ya mabelo mpaka pa boma. Dalaivala anati mavenda amachepa okha chaka chimene mitengo ya ku Chinkhoma yakoma ndipo ndalama zalowa msanga ku banki.