Si nsomba yaing'ono iliyonse imene ili mwana

Masiku ano kuno ku Manyamula kwabuka anyamata ozungulira ndi zigubu pa njinga, ati akugulitsa mbewu ya nsomba, pa theka la mtengo wanga. Bwenzi ndikungowayang'ana, koma ogula kwa iwo amathera pakhomo panga, kudzadandaula kuti nsomba sizikula ku Mzimba chifukwa cha kuzizira. Kuzizirako kulipodi. Mu June ndi July makumba amachita mphwayi kudya, madeya amene wathira n'kumangowolera pansi pa damu. Koma chawapweteka anzathuwa si chisanu ayi. Anagula nkhalamba zopinimbira.

Makumba akathithikana m'damu amayamba kuswana akadali ochepa ngati zala ziwiri. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo masiku onsewo siidya kanthu. Mphamvu yoti ikulire imathera ku mazira. Tengani kansomba kamodzi m'chigubu cha anyamatawo, mukayang'ane diso: lalikulu, losagwirizana ndi thupi. Mukakatsekula kukamwa, nthawi zina mumapeza timazira tachikasu tili mbwee. Mwana angafungatire ana? Kameneko ngakhale mukapatse chakudya cha kufakitale, kakula kale.

Chinanso n'choti eni madamu ambiri akamakolola amatola zazikulu kukagulitsa ku Mzimba boma, zotsalira zonyozekazo n'kukhala makolo a chaka chamawa. Ndani amadya chimanga chonse chachikulu n'kusunga zikonyo zofooka kuti ndiyo mbewu? Ndiye zikamangokwerana pachibale m'damu lomwelo chaka ndi chaka, mtundu umatha mphamvu, zina n'kumabadwa zopindika msana.

Ntchito yanga yeniyeni ndi kusankha makolo. Zokumba damu ndi kuthira manyowa a nkhuku kuti madzi abiriwire aliyense amadziwa. Kusankhaku ndinaphunzira kwa malume anga, amene pa unyamata wawo anagwirako ntchito ya madamu kumwera. Anali munthu wosalankhulalankhula, koma wovuta zedi pa nsomba. Tinkalowa m'madzi kusanache, chifukwa ankati nsomba yogwidwa dzuwa litakwera imatopa msanga. Sankalola kuigwira ndi manja ouma, poti umachotsa kuterera kumene kumaiteteza ku matenda. Ankandipatsa imodzi n'kunena kuti, "Iwe, werenga minga." Makumba enieni amakhala ndi minga inayi pa chipsepse cha kumunsi chakumchira, pamene chambo chili ndi itatu. Ukayankha mongoganizira, ankakulanda nsombayo osanena kanthu, tsiku lonse iwe n'kumangotunga madzi.

Chimene anandichedwetsa nacho kwambiri ndi kusiyanitsa yaimuna ndi yaikazi. Umaitembenuza chagada, mutu uli m'chikhatho, n'kuyang'ana kanyama kotukuka kuseri kwa potulukira chimbudzi. Yaimuna kamakhala kosongoka, kabowo kamodzi kunsonga. Yaikazi kamakhala kofupika, kali ndi kamng'alu kopingasa kotulukira mazira. Pa nsomba yaing'ono maso amanama, choncho malume ankadontheza pamenepo mankhwala ofiirira a pazilonda aja, kamng'aluko n'kuonekera bwinobwino. Phindu lake n'lakuti zazimuna zimakula msanga, ndipo zikakhala zokhazokha damu silidzaza ndi tiana tolimbirana chakudya. Koma yaikazi imodzi yokha ikakupulumuka, ntchito yonse yalowa m'madzi. Mpaka lero ndikamasankha, dzanja langa limagwira monga ankagwirira iwowo.

Makolo ndimasinthanitsa ndi alimi akutali kuti magazi asabwererane, koma sinditenga paliponse. Chiyambire pomwe matenda a zilonda za nsomba anabuka ku Mchinji mu 2020, nsomba yachilendo imayamba yakhala payokha ndisanaisakanize ndi zanga. Ena amandinyengerera kuti ndiwapezere Nile tilapia ya ku Zambia poti imakula msanga. Boma silimalola nsomba imeneyo, ndipo ine ndikugwirizana nalo: madamu athu akasefukira madzi amatsikira mu South Rukuru mpaka kunyanja, komwe ikhoza kukakwerana ndi chambo chathu. Akatswiri a ku Domasi ndi ku Bunda akhala akusankha makumba omwewa kuti apeze okula msanga, ndipo njira yake ndi yomweyi ya kusunga zabwino zikhale makolo.

Ogula ndiye amanditopetsa. Munthu afika masana dzuwa lili pamutu, ndi chigubu chonunkha dizilo, akufuna mbewu pompo, pangongole. Ukamuuza kuti tiana timafunika tigone ndi njala tsiku limodzi kuti tisaipitse madzi panjira, ndipo tinyamulidwe m'mamawa, amati ukudzimva. Kenako akuti, "Achimwene, tsitsani, uko n'zotchipa." Sinditsitsa. Ukonde wakwera mtengo, madeya tikulimbirana ndi oweta nkhumba. Ndimangowauza kuti pitani konko, koma musanapereke ndalama mukakatsekule kukamwa.