Mamailosi Amene Mita Sidawerenge

Kuseri kwa nyumba ya makolo athu, m'dera la Nsaru, kuli chigafa chimene sichidaone tsamba la fodya kwa zaka 43. M'menemo munkagona galimoto ya malemu bambo athu, Chevrolet yobiriwira ya mu 1962, itakwezedwa pa njerwa ndi kufunditsidwa ziguduli ngati nkhalamba yomva chisanu cha mwezi wa Juni. Ife ana asanu a m'nyumbamo tidakula tikuiona, ndipo ana athu nawonso adakula akuisuzumira pa mipata ya nsungwi. Mu 2024 tidaigulitsa. Tafuna kukusimbirani, awerengi okondedwa, m'mene malondawo adayendera, pakuti adatiyesa pamalo pamene sitinkaganizirapo.

Bambo adali mmodzi wa amuna ambiri-mbiri a dziko lino amene adapita kukafuna ntchito ku Salisbury, mzinda umene lero ukutchedwa Harare. Kumeneko adalembedwa udalaivala ndi mzungu wina wokalamba, amene ankatuluka kamodzi kapena kawiri pa mlungu basi. Mkuluyo atamwalira, mkazi wake adagulitsa galimotoyo kwa bambo pa mtengo wachifundo, ndipo mu 1970 bambo adabwera nayo kumudzi, kudzera ku Chirundu, Lusaka, Chipata ndi Mchinji. Akulu-akulu a kwathu amakumbukirabe tsiku lija: galimoto yaitali ngati bwato, nkhuku zikuthawa, amayi akululutira. Mtundu wake udali wa ku America, koma monga magalimoto ambiri a Chevrolet amene ankayenda kuno kummwera kwa Africa, idalumikizidwa ku Port Elizabeth, kumene kampani ya General Motors idayamba ntchito yotere mu 1926. Chiwongolero chake chidali kumanja, molingana ndi misewu yathu.

Koma ng'ombe yaikulu imafuna msipu waukulu. Galimoto ija inkamwa petulo koopsa, ndipo mtengo wa mafuta utakwera pa dziko lonse kuyambira mu 1973, ndalama za fodya ndi mtedza zidayamba kuchepa pa khosi pake. Mu 1981 bambo adailowetsa m'chigafa, namanga china cha fodya chapatali. Loweruka lililonse ankailiza pang'ono ndi kuipukuta, mpaka pamene adatisiya mu 1996. Kuchokera apo idangokhala chete.

Sitikadaigulitsa chikhala kuti mavuto sadatipanikize. Denga la nyumba ya amayi lidali kudontha paliponse, adzukulu awiri adali atasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malata ndi feteleza zidathawa m'manja mwathu. Mdzukulu wina adaika chithunzi cha galimotoyo pa Facebook, ndipo pasanathe milungu iwiri kudafika bambo wina wa ku Blantyre, wokonda kusonkhanitsa magalimoto akale, ali ndi makaniko wake wa imvi.

Ife tinkayesa kuti adzadandaula za matayala ophwa ndi mawaya amene makoswe adadya. Iyayi, zimenezo adangozipenya n'kupitirira. Maso ake adakakamira pa kagalasi ka kutsogolo kwa chiwongolero, pamene mita inkaonetsa mamailosi 38,412, ndiye kuti makilomita pafupifupi 62,000. Adatifotokozera kuti kwa anthu a mtundu wake, galimoto yakale imene idayenda pang'ono, yokhala ndi injini, utoto ndi mipando yake yoyambirira, imaposa kutali inzake yokonzedwa bwino koma yotopa. Vuto n'lakuti mita za nthawi imeneyo zimatha pa 99,999, kenaka n'kuyambiranso pa 00,000 ngati mwana wobadwa kumene. Motero 38,412 ikhoza kukhala 138,412. Palinso anthu amene amabweza manambala m'mbuyo ndi dala, chinyengo chimene chidakula ku America mpaka boma lidachiletsa ndi lamulo mu 1972. N'chifukwa chake wogula wanzeru sakhulupirira mita payokha. Amafunsa mboni zina.

Mboni zimenezo makaniko uja adazifunsa imodzi-imodzi, ife titazungulira ngati pa bwalo la mfumu. Adagwada n'kuyang'ana mphira wa pa zopondera za buleki ndi kilachi, pakuti phazi limadya mphira pang'ono-pang'ono, ndipo galimoto imene yazungulitsa mita imakhala ndi zopondera zosalala, kapena zatsopano zokayikitsa. Adasisita chiwongolero kuti amve ngati manja adachiperesa. Adakhala pa mpando wa dalaivala, kenaka pa wa mnzake, kufanizira kufewa kwake. Adatsegula chitseko n'kuchinyamula pang'ono kuti aone ngati chikugwedera. Adayendetsa maginito m'mbali monse, chifukwa pamene padagundidwa n'kumatidwa phala, maginito sagwira. Potsiriza adapukuta nambala yodindidwa pa injini ndi ina ya pa kachitsulo kokhomedwa pa thupi la galimoto, naziwerenga mokweza, bwana wake akutsatira ndi chala m'bulubuku. Zonse zidagwirizana. Adadzuka, nasasa fumbi m'maondo, nati, "Bwana, mita iyi sidazungulirepo." Pamenepo mlendo adatchula mtengo umene udatiumitsa pakamwa.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Ife tinkadziwa kanthu kena kamene maginito sakadatha kukapeza. M'dzinja la 1972 chingwe chimene chimazunguza mita chidaduka, ndipo china sichidapezeke ku Lilongwe. Chidabwera mu 1974 m'thumba la msuweni wa bambo, pamene anthu a ku migodi ankabwerera kuchokera ku Joni, boma litaimitsa kulemba anthu kwa Wenela chifukwa cha ngozi ya ndege ya ku Francistown. Zaka ziwiri zathunthu galimoto idayenda, manambala ataima.

Usiku wotsatana ndi tsiku la malonda, mlendo asanafike, tidakhala pansi asanufe, amayi atagona. Mkulu wathu adati sitidabweze mita ife, ndipo munthu wadzera yekha ndi makaniko wake; chimene sadafunse si ngongole yathu. Wina adawonjeza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mlongo wathu adafunsa chabe kuti, "Nanga akatifunsa ngati nambalayo ndi yoona, tidzati chiyani?" Tidamuyankha kuti tidzati, "Ndi imene mukuionayo." Tiyenera kuvomera pamaso panu kuti tonse tidagwirizana kukhala chete, ndipo tidagona tikudziuza kuti kukhala chete si bodza.

Amayi athu, a zaka zopitirira 80, adali atakhala pa mkeka pakhonde nthawi yonse ya kuyesa kuja. Atamva mtengo, adaitana mlendo ndi dzanja. Iye adafika, nanjuta pafupi nawo.

"Bambo," adatero amayi, "musanawerenge ndalama zanuzo, imvani. Mita imeneyo idagona zaka ziwiri galimoto ili pa msewu. Ana angawa akudziwa, koma lero pakamwa pawo palemera."

Palibe mmodzi wa ife amene adakweza mutu. Amayi adatuma mdzukulu kukatenga kope la bambo m'sutikesi. Lidali kope la ana a sukulu, lofiira ndi utsi, m'mene bambo ankalemba ulendo uliwonse ndi petulo amene adathira. Masamba oyamba adali m'mashereni ndi makobiri, ndipo kuyambira mu 1971, pamene ndalama zidasintha, m'makwacha ndi matambala. Mlendo adawerenga masamba a zaka ziwiri zija mwakachetechete. "Nambuma, ukwati." "Mpingu, maliro." "Kabudula, mwana wolumidwa ndi njoka." Koma dzina lobwera kawiri-kawiri lidali Namitete, kumene kuli chipatala cha St Gabriel's, chimene masisitere a Chikarmeli ochokera ku Luxembourg adatsegula mu 1959. "Namitete, mayi wapakati, usiku." "Namitete, agogo a chifuwa, sadalipire." M'midzi yathu yonse yozungulira mudalibe galimoto ina, ndipo ngolo ya ng'ombe siithamangira mayi amene matenda amuyamba pakati pa usiku. Pa tsamba lina la 1973 padalembedwa kuti, "Namitete, mayi a kunyumba, mwana wamwamuna." Mwana ameneyo ndi chitsirizira wathu, yemwe adalankhula za fodya wa pamphuno uja.

Makaniko adaphatikiza magaloni onse a miyezi imeneyo, napeza 330. Adati galimoto yotere, pa misewu ya fumbi, imayenda mamailosi ngati 18 pa galoni. Motero mamailosi osawerengedwa adali pafupifupi 6,000, ndipo mtunda weni-weni wa galimoto udali pafupi ndi 44,400.

Tisakunamizeni kuti chilungamo chidatilemeretsa tsiku lomwelo. Mlendo adatsitsa mtengo, ponena kuti sangathenso kuuza anzake kuti nambala ya pa mita ndi yosadukiza. Ndalama zimene zidachokapo zikadagula malata a khitchini, ndipo khitchiniyo ikadali ya udzu mpaka lero. M'kalata ya mgwirizano, imene a mfumu adachitira umboni, tidalemba manambala onse awiri: ya pa mita ndi ya m'kope. Mlendo adapempha kope lenilenilo, nati pepala lotere ndi mboni yoposa zonse zimene makaniko adafunsa. Amayi adakana. Adalola kuti alijambule tsamba lililonse ndi foni, koma kope lidabwerera m'sutikesi.

Kuyambira tsikulo takhala tikusinkhasinkha. Masiku ano ambiri mwa ife timagula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, njinga zamoto ndi zigayo, ndipo manambala a mita za makono amasinthidwa ndi kompyuta mosavuta kuposa kale. Wogula achite monga adachitira makaniko uja: afanizire nambala za pa chitsulo ndi za m'bulubuku, ayang'ane zopondera, mpando ndi chiwongolero, apemphe mapepala a kumene galimoto inkakonzedwa, ndipo asachite manyazi kufunsa. Koma ife taphunzira kuti pali zina zimene wogulitsa yekha ndiye amazidziwa, monga mlimi adziwira chimene chili pakati pa belo la fodya ndi pansi pa thumba la mtedza. Pamenepo palibe makaniko angathandize. Wogula ali m'manja mwa mnzake.

Chimene chimatichititsa manyazi kwambiri n'chakuti mamailosi amene tidafuna kubisa ndiwo abwino koposa m'moyo wa galimoto ija, ndi m'moyo wa bambo athu. Msika udaikonda Chevrolet chifukwa choti idayenda pang'ono. Mudzi wathu umaikumbukira chifukwa choti idayenda pamene idafunika. Ife, ana ake a mwini galimoto, tidatsala pang'ono kufafaniza maulendo amenewo kuti tipeze malata.

Tsiku limene lole idabwera kudzainyamula, anthu adasonkhana monga mu 1970, koma panalibe wolulutira. Mayi wina wa mudzi woyandikana nawo adafika ndi mwana wake wamkulu, bambo wa imvi kale, namuuza kuti agwire chitseko cha kumbuyo asanaikweze. Chigafa tsopano tayanikamo fodya, ndipo kope lija timaliwerengera adzukulu, tsamba ndi tsamba.