Masewero Oyamba Sapereka Chikho

Ife ochemerera mpira tili ndi matenda amodzi: timaweruza chaka chonse ndi masewero a tsiku limodzi. Timu ikangogonja pa masewero otsegulira ligi, madzulo omwewo mphunzitsi timakhala tamuchotsa kale ntchito, osewera akale tawapumitsa, chikho tachipereka kwa ena. Kwathu ku Mulanje matendawa amaoneka kwambiri pa mpira wa miyendo. Pa Chitakale kapena pa Limbuli munthu amatha kulumbira kuti Bullets kapena Wanderers yatha basi, pomwe ligi yangoyamba kumene. Ine ndimakonda basketball, masewero omwe kwathu ali ndi otsatira ochepa, koma matenda ndi omwewo.

Nkhaniyi ikabwera ndimakumbukira timu ya Petro de Luanda ya ku Angola. Timuyi imasewera mu Basketball Africa League, ligi ya matimu akuluakulu a mu Africa yomwe mabungwe a NBA ndi FIBA anakhazikitsa, ndipo inayamba kuseweredwa mu 2021 ku Kigali. Petro inali timu yofika pafupi koma osakhudza chikho. Mu 2021 inathera pa nambala yachitatu. Mu 2022 inafika mu fainolo n'kugonja kwa US Monastir ya ku Tunisia. Mu 2023 inathera pa nambala yachinayi. Pofika Malichi 2024, pomwe ligi imayambira ku SunBet Arena mu mzinda wa Pretoria, aliyense ankayembekezera kuti akatswiri a ku Luanda ayamba mwamphamvu. M'malo mwake anagonja 82 kwa 73 ndi FUS Rabat ya ku Morocco, timu yomwe inali kulowa mu ligiyi koyamba. Sabata isanathe bwino anagonjanso ndi Cape Town Tigers. Pa masewero anayi a m'gulu lawo anapambana awiri okha.

Ndinkatsatira zonsezi pa foni, ndi bandulo yogula mopempha, nditakhala pamalo amodzi okha pakhomo pathu pomwe netiweki imagwira. Pa Facebook chigamulo chinali chitaperekedwa kale: timu yakalamba. Carlos Morais, mtsogoleri wawo, anali ndi zaka 38. Ena ankati Childe Dundão, yemwe amayendetsa mpira, ndi wamfupi kwambiri kuti angatsogolere timu kukatenga chikho cha Africa.

Pakati pa Malichi ndi kumapeto kwa Meyi, Petro inagwira ntchito. Mphunzitsi José Neto wa ku Brazil anachoka, ndipo malo ake anatenga Sergio Valdeolmillos wa ku Spain. Anawonjezera osewera pomwe panali poperewera, koma msana wa timu unali womwe uja. Ku Kigali anakumananso ndi Cape Town Tigers mu semifainolo ndipo anawagonjetsa pa nthawi yowonjezera. Pa 1 Juni 2024 anakwapula Al Ahly Ly ya ku Libya 107 kwa 94 ndi kunyamula chikho chawo choyamba cha ligiyi. Morais wokalamba uja ndi Dundão wamfupi uja anali pomwepo.

Nkhani yotereyi ndi yokoma kuisimba, koma ili ndi msampha. Munthu angaganize kuti kugonja koyambirira ndi chizindikiro cha zabwino, ngati kuti timu iliyonse yoyamba mopunthwa imathera pa chikho. Ayi ndithu. Matimu ambiri omwe amayamba moipa amamalizanso moipa, kungoti sitiwakumbukira. Kuyamba bwino nakonso kumanamiza. Ku America, Detroit Pistons inapambana masewero awiri mwa atatu oyamba mu 2023, kenako inagonja masewero 28 motsatizana, ndipo inamaliza ligi itapambana 14 okha mwa 82. Golden State Warriors inapambana masewero 24 oyamba motsatizana mu 2015, inamaliza ndi 73 mwa 82, koma mu fainolo ya 2016 inaluza chikho kwa Cleveland Cavaliers itatsogola kale 3 kwa 1. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Ndiye masewero oyamba amatiuza chiyani? Mapointi a pa bolodi amatiuza zochepa. Zambiri zili m'mene timu yagonjera. Basketball ili ndi ubwino woti pafupifupi chilichonse chimawerengeka. Pa malamulo a FIBA masewero amakhala mphindi 40, zigawo zinayi za mphindi 10, ndipo timu ikagwira mpira ili ndi masekondi 24 okha kuti iponye. Choncho mpira umasinthana manja kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse pamakhala chifukwa. Mphunzitsi wanzeru akagonja amafunsa: ndi mipira ingati tinataya tokha tisanaponye n'komwe? Mpira ukagunda ringi n'kubwerera, ankautola ndani? Tinaphonya ma free throw angati, pomwe palibe wotitchinga? Kodi tinagwa chigawo chiti? Mayankho a mafunso amenewa amagawa mavuto pawiri. Alipo omwe amakonzeka ndi zokonzekera za masabata ochepa, monga kupatsirana mosasamala, kutopa msanga ndi kusamvana potchinga. Alipo ena omwe sakonzeka chaka chomwecho, monga msinkhu, kuchepa kwa osewera ndi kusowa kwa ndalama. Timu yosokoneza magulu awiriwa imataya mtima pa zinthu zokonzeka, kapena imataya nthawi pa zosakonzeka.

Zimenezi zinasiya kukhala nkhani ya pa foni pomwe zinafika m'nyumba mwathu. Mlongo wanga wamng'ono ali pa sekondale ina yoyendera kwathu komweko. Mphunzitsi wina wachinyamata anayambitsa timu ya atsikana, asanu ndi awiri okha, onse ochokera ku netball. Bwalo lawo ndi la simenti yong'aluka, lomwe mbali ina inakwiriridwa ndi matope nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo ana asukulu anachita kulifukula ndi makasu. Mpira anali nawo umodzi. Pa masewero awo oyamba anapita kukakumana ndi sukulu ina yogonera pomwepo, ndipo ine ndinawaperekeza popeza ndinali patchuthi. Anagonja 51 kwa 14.

Pobwerera mu minibasi palibe anayankhula. Titafika kunyumba anaponya nsapato pakhonde.

"Achimwene, ine basi ndasiya. Anthu aja amatiseka."

Amayi sanatsutse. Ndalama ya ulendowo inachokera pa nanazi zomwe amagulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo kwa iwo funso linali lomveka: mwana wamkazi azichoka pakhomo madzulo aliwonse, madzi osatunga, kuti akagonje ndi mapointi 37? "Ngati ndi zimenezo, bola azikawerenga," anatero. Sindikanawanena kuti akulakwitsa. Pakhomo ngati pathu, masewero amayenera kudzilipirira malo ake.

Koma ine ndinali ndi kope. Nthawi yonse ya masewero ndinkalemba timizere, monga ndinkaonera pa mapepala a zotsatira za BAL. Usiku umenewo tinalitsegula pa tebulo. Chigawo choyamba chinatha 10 kwa 8. Kutanthauza kuti pa mphindi 10 zoyamba, atsikana a mpira umodzi aja analimbana ndi sukulu yokhala ndi chilichonse. Pa zigawo zitatu zotsalazo anagoletsa mapointi 6 okha. Anataya mpira okha maulendo oposa 30, ndipo kambiri munjira imodzimodzi: wosewera akalandira mpira ankaima chilili ngati pa netball, pomwe lamulo limaletsa kuyenda nawo, n'kuuponya m'mwamba mopepuka kuti mnzake authamangire. Anzawo aja anangozindikira zimenezi n'kumadikirira panjira. Chinanso, anzawowo anali khumi ndi awiri ndipo ankasinthana, pomwe athuwa pofika chigawo chachitatu anali atagwira m'mawondo.

"Taona apa, mchemwali," ndinamuuza. "Kutalika kwawo sitingakuchite kanthu. Koma pa mapointi 51 aja, oposa theka munawapatsa nokha m'manja."

Amalume, omwe agwira ntchito m'minda ya tiyi kuyambira ine ndisanabadwe, anali pomwepo akumvetsera. Basketball saidziwa, koma analowererapo. "Mphwanga, zimene ukunenazi ndi za kumunda. Tiyi tikamudulira nthawi ya chilimwe, mlendo wodutsa pamsewu amati munda wapsa. Ikagwa mvula amadabwa. Koma usanamize mwanayu kuti chitsamba chilichonse chodulira chimaphuka. Chilipo china chomwe chiswe chinadya kale mizu. N'chifukwa chake sitiyang'anira patali. Timakanda khungwa ndi chikhadabo, tione ngati mkati muli mwamuwisi."

Mawu amenewo ndi omwe anagwira amayi, osati kope langa. Anavomera kuti mwana apitirize mpaka teremu ithe, malinga ngati madzi atungidwa m'mawa ndipo mayeso sakutsika. Atsikana aja anayamba kuthamanga chitunda cha kuseri kwa sukulu katatu pa sabata. Mphunzitsi wawo anaika lamulo loti pa zokonzekera aliyense wolandira mpira ayambe waugunditsa pansi asanaganize zopatsira mnzake, mpaka miyendo iiwale netball. Atakumananso ndi sukulu yomwe ija anagonjabe, koma 38 kwa 29, ndipo panalibe woseka. Teremu imeneyo anapambana masewero amodzi okha. Mlongo wanga sanasiye.

Ndikaona za basketball ya dziko lathu, ndimaona kuti ifenso tili pa masewero oyamba. Timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe, yomwe a Griffin Kalua anaiyambitsa mu 2015, yakhala ikuimira Malawi mu mpikisano wolowera mu BAL. Poyamba inkatulukira m'ndime yoyambirira. Mu 2024 inafika mu ndime ya Elite 16 ku Nairobi, ndipo inali timu yoyamba ya ku Malawi kufika pamenepo. Mu BAL mwenimwenimo sinalowe ulendo umenewo. Wina angati nanga phindu lake n'chiyani, poti sanadutse? Koma tikakanda khungwa tikuona chiyani? Anyamata athu akulimbana ndi matimu a ku Kenya, Uganda, Mozambique ndi South Africa, ena mwa iwo olipira osewera mwezi ndi mwezi ndiponso ogula akatswiri kunja. Mavuto athu osakonzeka msanga ndi odziwika: ndalama, mabwalo ndi kuchepa kwa masewero apamwamba. Bwalo la m'nyumba la Griffin Saenda ku Lilongwe linamangidwa chifukwa cha masewero a achinyamata a Region 5 a mu 2022, koma mwana wa ku Muloza kapena ku Nkando ali nalo kutali. Komabe kusowa kwa mabwalo sikunaletse South Sudan, dziko lomwe linalandira ufulu mu 2011. Motsogozedwa ndi Luol Deng, timu yawo inafika ku Olympics ya ku Paris mu 2024, ndipo pa masewero okonzekera ku London inagonja ndi America ndi pointi imodzi yokha, 101 kwa 100. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Anzanga ophunzira, ambiri a ife tikudziwa kulawa kwa masewero oyamba ngakhale sitinagwirepo mpira. Mayeso oyamba a semesita akabwera ndi malikisi ochititsa manyazi, pamakhala njira ziwiri zosavuta. Ina ndi kunena kuti maphunzirowa si anga, ndibwerere kumudzi. Ina ndi kupinda pepala, kulibisa pansi pa sutikesi n'kumati zidzakhala bwino. Njira zonsezi zimapewa chinthu chimodzi: kulitambasula pepala lija ndi kuwerenga pomwe malikisi anathawira. Kodi ndi mutu womwe sitinaumve, kapena nthawi inatithera, kapena funso tinaliwerenga mothamanga? Makolo omwe akutilipirira fizi, ena mwa iwo pothyola tiyi kapena kugulitsa nanazi, ali ndi ufulu wofunsa funso la amayi anga lija. Yankho loyenera kuwapatsa si lonjezo lopanda kanthu, koma kuwaonetsa chomwe chinalakwika ndi chomwe tasintha.

Petro de Luanda inabwereranso mu fainolo mu 2025 ku Pretoria, mzinda womwe inayambira mopunthwa chaka chapitacho, ndipo inagonja kwa Al Ahli Tripoli. Chikho sichikhala nyumba imodzi. Nawonso atsikana a kwathu akuyamba chaka china. Tsopano alipo khumi, awiri mwa iwo ndi a Fomu 1 omwe sanasewerepo netball, ndipo makolo anasonkha ndalama yogulira mpira wachiwiri. Masewero awo otsegulira ndi a sukulu yogonera ija. Akhoza kugonjanso. Mlongo wanga wanditumizira kale uthenga kuti ndisaiwale kubwera ndi kope.